Sitampa yotsala m'bokosi la machesi

Ndikukumbukira bwino beseni lija lamalata limene atate ankanyikamo masitampa Loweruka masana. Ndinali ndi zaka khumi, kumudzi kwa amayi kufupi ndi Mitundu. Masiku amenewo amuna ambiri a m'mudzi mwathu anali ku Joni ndi ku Halale, ndipo makalata awo akafika, akazi awo ankabwera nawo kwa atate kuti awawerengere, poti atate anaphunzirako kumishoni. Sankalipiritsa munthu. Ankangoti, "Mawuwa ndi anu, koma kachithunzi ka pakonaka ndi kanga." Azimayiwo ankaseka, n'kung'amba kakona ka envulopu, n'kumapita akunong'onezana kuti mkamwini wa kwa a Nabanda, kunena atatewo, ali ndi kamisala kake.

Kamisalako kanandigwira inenso. Sitampa inkanyikidwa m'madzi mpaka pepala lakumbuyo litalekana nayo lokha. Ine ndi phuma langa ndinkafuna kumatula ndi chikhadabo, ndipo atate ankandigwira dzanja. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, Elube," ankatero. Ikauma pambale yovundikira, inkalowa m'chitini cha mabisiketi chimene tinkachipachika kudenga poopa chiswe. Koma isanalowe m'chitinimo inkayenera kulembedwa kaye.

Atate anali ndi buku lasukulu lachikuto chofiira, ndipo tsamba lililonse analidula mizere ndi rula: nambala, dziko, mtundu wake, chimene chajambulidwapo, ndi dzina la amene watipatsa. Ine ndinkatchula, iwo ankalemba. "Ya ku Joni, mutu wa mbawala, atipatsa a Nachisale." Panali zakwathu zokhala ndi kambuku ataima pathanthwe, panali za ngalawa, panalinso ya gulugufe yochokera kwa Apwitikizi imene ndinkaikonda kuposa zonse. Lamulo lawo linali limodzi: sitampa yosalembedwa si yathu, ndi mlendo chabe, ndipo mlendo salowa kuchipinda. Alendo oterowo ankadikira m'bokosi la machesi mpaka tsiku lolemba.

Mwezi ukatha tinkakhuthula chitini pamphasa n'kuyerekeza sitampa iliyonse ndi mzere wake. Tsiku lina imodzi inasowa. Tinasesa nyumba yonse, tinakutumula mphasa, mapeto ake tinaipeza itamatidwa pamphumi pa mlongo wanga wamng'ono ali m'tulo. Amayi anaseka mpaka kugwetsa misozi. "Anzanu akusoka fodya kuchigafa, inu mukusambitsa timapepala," ankatinena choncho. Komabe ndi amayi omwewo amene anasoka kathumba kansalu kosungiramo bukulo kuti lisade ndi utsi.

Amayi anamwalira dzinja la chaka chotsatira, atangodwala masiku ochepa. Za malirowo sindilemba, mpaka lero zimandipweteka. Chimene ndikufuna kunena ndi chimene chinabwera pambuyo pake. Kwathu mwamuna amakhala kumudzi kwa mkazi, ndipo ana amakhala a mbumba ya amayi awo. Mkazi akamwalira, nthawi yolira ikatha, akuchikazi amamusudzula mkamwini, ndiko kumumasula kuti abwerere kwawo. Atate kwawo kunali ku Nathenje. Kwa munthu wamkulu wokhala ndi njinga si kutali, koma kwa mwana wamkazi wopanda womuperekeza kunali kutsidya kwa dziko.

Tsiku losudzula abale anasonkhana pabwalo lathu. Amene ankayankhula anali atsibweni anga, a Kamtengo, mlongo wa amayi, amene tsopano anali mwini wathu.

"Alamu, mwakhala nafe bwino," anatero. "Tikukumasulani. Tengani zanu zonse. Koma za ana mukudziwa kale."

Atate anapempha ndi mawu otsika kuti ineyo, poti ndinali wamkulu, ndizikawaona nthawi zina. Atsibweni anapukusa mutu.

"Anapiye amatsata thadzi, satsata tambala. Inu mukakwatira kumeneko. Mwana wa mlongo wanga azikatsuka mbale za mkazi wina? Iyayi."

Sanali munthu wankhanza atsibweni. Anali atataya mlongo wawo mmodzi yekhayo, ndipo ankaopa kutayanso ana ake. Koma ine tsiku limenelo ndinawaona ngati mdani.

Atate sanatsutse. Nkhokwe ya chimanga anatisiyira, mbuzi anatisiyira. Anamanga bulangete ndi jekete, kenaka analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini kudzanja lina, kathumba ka buku kudzanja lina. Chitinicho anandipatsa anthu onse akuona.

"Ichi ndi chako, Elube."

"Nanga buku?"

"Buku ndi langa. Ndinagula ndekha."

Ena anaseka chapansipansi: munthu wasiya mbuzi, akukakamira buku lakutha! Ine sindinaseke. Mtima unandiwawa koopsa, ndinaona kuti andilanda theka la chinthu chimene tinapanga awiri. Masitampa opanda buku ndi zinyalala zokongola basi. Ndinathawira kuseri kwa khola, ndipo anthu powaperekeza mpaka kunjira, ine sindinapite nawo.

Makalata sanasiye kubwera. Tsopano azimayi ankabwera nawo kwa ine, poti ndinali nditadziwa kuwerenga, ndipo osapemphedwa ankang'amba kakona kaja n'kundisiyira. Ndinkanyika, kuumitsa, n'kuika m'bokosi la machesi. Bokosilo linadzaza mpaka kukana kutseka. Ndinayesa kuyamba buku langa kumapeto kwa buku la masamu, koma nambala imene tinalekezera sindinkaikumbukira, komanso ndikatchula, panalibe wolemba. Ndinang'amba tsambalo. Kuika alendo m'chitini osalembedwa, dzanja linkakana.

Ndiye ndinayamba kuwavutitsa atsibweni. Akapita kudimba, ine pambuyo. Akalowa m'chigafa, ine pakhomo. Nyimbo yake inali imodzi: buku, buku, buku. Anandikalipira, anandiopseza ndi kamtengo ka pichesi, osaphula kanthu. Tsiku lina anaponya khasu pansi.

"Mwana iwe uli ngati udzudzu wa m'khutu! Mawa tidzuke. Tikalande bukulo, nkhani ithe."

Anandikweza pakaliyala ya njinga yawo, bokosi la machesi nditalimanga pakona ya nsalu. Inali nyengo ya mphepo, anthu atakolola, ndipo fumbi linkalowa mpaka m'mano. Njira yonse ndinkakonza mawu owawa oti ndikawalase nawo atate.

Tinawapeza pakhonde la sitolo ina pa Nathenje, pomwe anapeza ntchito yoyeza nsalu kwa mwini sitolo wachisilamu. Atate anali ataonda, kolala ya malaya ikuchita kulendewera. Atandiona anaimirira, n'kukhalanso pansi, n'kuimiriranso. Mawu anga onse aja anatsalira panjira. Ndinagwada n'kupereka moni ngati mlendo.

"Tabwera kudzatenga buku la mwanayu, alamu," atsibweni sanazungulire.

"Khalani pansi kaye, alamu. Pali alendo oti tiwalandire."

Bukulo silinali kunyumba ayi. Analitulutsa m'thumba la jekete, lili m'kathumba kaja ka amayi. Pensulo inali yosongedwa kale. Tinayala nsalu pasimenti n'kukhuthulapo bokosi la machesi lija, ine ndikutchula, iwo akulemba. Sanafulumire. Dzina lililonse linkabala mafunso. A Nachisale ali bwanji, mwamuna wawo wanena zobwerera? Mlongo wako chifuwa chija chinatha? Kusukulu ukukhala nambala chiyani? Atsibweni anayamba ndi kugwedeza mwendo, kenaka anatafuna nzimbe, kenaka anawodzera atatsamira chipilala.

Dzuwa litapendeka tinamaliza. Atate anatseka buku, analibwezera m'kathumba, anamanga chingwe chake bwinobwino. Atatero m'pamene anapisa dzanja m'thumba la malaya n'kutulutsa sitampa imene sindinaionepo, ya ku India, imene mwini sitolo anawapatsa. Anaiika m'bokosi langa la machesi.

"Atate, tsegulani tiilembe!"

"Buku latsekedwa, mayi. Udzabwere nayo."

Ndinatembenukira kwa atsibweni kuti andithandize, poti n'chimene tinabwerera. Anali atadzuka. Anayang'ana kabokosi, anayang'ana atate nthawi yaitali, ndipo atate sanaphethire. Potsiriza atsibweni anatulutsa mpweya wautali.

"Galu wamkota sakandira pachabe," anatero, n'kunyamuka kukapopa njinga. Za buku sanatchulenso.

Pobwerera atsibweni anapalasa mpaka tinawoloka dambo lomaliza. Tikuona utsi wakumudzi anati, osacheuka, "Mwezi wamawa uchapiretu diresi. Sindifuna anthu a ku Nathenje azinena kuti tikukusunga ngati mwana wamasiye."

Zinapitirira choncho zaka zambiri. Poyamba ankandipititsa ndi atsibweni, kenaka ndinkatsagana ndi azimayi opita kumsika, nditakula ndinkatenganso mlongo wanga. Atate anakwatiradi, ndipo mbale za mkazi wawo ndinatsukadi, koma anali mayi wabwino ndipo sindinafe nazo. Ulendo uliwonse unkatha chimodzimodzi: buku likatsekedwa, sitampa n'kutuluka m'thumba. Ine ndinkayesa ndi makani a ukalamba, ndipo ndinkawazazira. "Inu atate, simungaitulutse buku lisanatsekedwe?" Iwo ankangoti aiwala. Zaka zonsezo munthu kuiwala chinthu chimodzimodzi, ine osadabwa!

Uthenga wa kudwala kwawo unandipeza mochedwa, ndili kale pabanja. Nditafika ndinapeza atate atamwalira kale, ndipo mayi anga ondipeza anandipatsa kathumba kaja. Patsamba lomaliza nambala yotsatira inali italembedwa kale, mzere wake uli mbee, kudikira sitampa imene anandipatsa ulendo watha.

Lero ndine nkhalamba, ndipo ndikumvetsa zimene mwana wokwiya uja, wobisala kuseri kwa khola, sakanamvetsa. Mwambo unalola atate kutenga zawo zokha, ndipo ine sindinali m'gulu la zawozo. Sanalimbane ndi mwambo, sananyoze atsibweni. Anangosankha pa katundu wawo yense chinthu chimodzi chimene ankadziwa kuti ndidzachilondola. Ndinaphunzira kuti ntchito ina munthu amaisiya yosamaliza dala, kuti amene amamukonda akhale ndi chifukwa chobwerera.

Chitini ndili nacho, buku ndili nalo, pensulo m'nyumba muno sizisowa. Adzukulu anga akaona mzere wopanda kanthu uja amandiuza kuti ndingolemba, si ntchito yovuta. Ndimawayankha kuti buku latsekedwa. Sitampayo ikadali m'bokosi la machesi, ndipo ndidzapita nayo ndekha kumene kuli atate.