Kamwala Kokwechapo Zidendene

Linali Lachitatu m'mwezi wa Juni, ndili Fomu 2. Ndinali pakhonde, ndikulemba m'kabuku kanga kuti khosi la amayi layambanso kupweteka.

Panali patatha miyezi itatu njira yathu ya kunyanja itatsekedwa. Bambo wina wa ku Lilongwe anagula loji yoyandikana nafe kwa mwini wake woyamba, n'kumanga mpanda wa njerwa mpaka m'madzi. Amayi ankagula usipa kwa asodzi n'kudzayanika kunyumba, ndiye tsopano ankazungulira kudambo, beseni lili pamutu. Pofika nawo, usipa unkakhala utafewa kale.

Tsiku limenelo kunabwera mayi a ku ofesi yoona za malo, aafupi, atavala jombo, mapu ali m'khwapa. Anthu anasonkhana pageti la loji. Ine ndinaima kumbuyo kwa azakhali anga.

"Malo ano ndinagula ndi ndalama zanga," anatero bambo a loji. "Za njirazo ndinasainira ine?"

"Simunasainire, bambo," mayiwo anayankha mofatsa. "Koma boma popereka malowa linanena kuti njira ya anthu isatsekedwe. Mawu amenewo amatsata malo, satsata munthu. Munagula malo ndi mawu ake omwe."

"Ndiye njirayo ili pati? Ilozeni!"

Apa panavuta. Mapu ankasonyeza mwala wa malire a njirayo, koma omanga mpanda anali atathira mchenga paliponse. Mayiwo anakoka tepi yoyezera uku ndi uku, thukuta lili kamukamu, mwala osaoneka. Bambo aja anayamba kuseka.

Mayiwo sanakwiye. Anapinda mapu n'kutembenukira kwa ife.

"Azimayi anzanga, simunkaonako kamwala ka simenti, kokhala ndi chitsulo pakati?"

"Iii, kaja tinkakwechapo zidendene pochokera kosamba?" anafuula azakhali. "Kani n'kaboma? Bwenzi titatha tonse kumangidwa!"

Anthu anafa nalo phwete. Amayi anga, omwe ndi amanyazi ngati ine ndemwe, analowa pageti mwakachetechete. Anaima pamtengo wa mango, anayenda pang'ono ngati asenza beseni, kenako analoza pansi ndi chala cha kuphazi. Atakumba ndi khasu, kamwala kanatulukira, kosalala pamwamba chifukwa cha zidendene za mudzi wonse.

Bambo aja anasiya kuseka. Mayi a ku ofesi aja sanawanyoze. Anawayandikira, n'kuwaonetsa pamapu kachigawo kokha ka mpanda koyenera kugumulidwa. Bambowo anapukusa mutu, komabe anauza mlonda kuti getilo lizikhala lotsekula mpaka njira itakonzedwa. Pochoka, mayiwo anagwira amayi anga chanza ndi manja awiri.

Nditabwerera pakhonde ndinalemba zonsezi, ndipo pansi pake ndinawonjezera kuti: "Mawa mayi aja akubweranso kudzakhoma zikhomo. Ndikawapatsa madzi akumwa, ndipo ngakhale ndichite manyazi, ndikawafunsa kuti munthu amaphunzira chiyani kuti azidziwa kuwerenga mapu."