Kachipinda Komvereramo Nyimbo za Nyenyezi

Ndinali kalipentala wa pa esiteti ya tiyi. Ntchito yanga inali kukonza zitseko za nyumba za mabwana ndi kukhoma mabokosi a maliro. Chaka china kunabwera mayi wina wa ku Blantyre atanyamula mahedifoni. Anati ali ndi nyimbo zopekedwa poganizira nyenyezi ndi mwezi, ndipo akufuna kachipinda koti munthu mmodzi azilowamo n'kumamvetsera, kotha kupinda n'kunyamula kupita nako m'masukulu.

"Chojambula chake muli nacho?" ndinafunsa.

"Ayi abambo. Odziwa matabwa ndinu."

Koyamba kanalemera, kofuna amuna anayi. Ndinakaphwasula. Kachiwiri ndinapanga ka pulayiwudi, zipupa zitatu zolumikiza ndi mahinjesi, koma phokoso la fakitale linkalowa ngati palibe chotchinga. Ndinamata ziguduli ndi mabulangete akale m'kati monse mpaka munati zii. Denga ndinalipaka utoto wakuda n'kuliboolaboola ndi msomali, kuti dzuwa likamawala kunja, wokhala m'katimo aziona timadontho towala pamwamba pake. Nditamaliza ndinakapinda, n'kukamanga pa njinga, n'kupalasa mpaka ku Makwasa kuti ndione ngati kangapirire mabampu. Sikanaguluke pena paliponse.

Katani ya pakhomo anasoka ndi akazi anga, pamanja, akaweruka kotchola tiyi, zala zili zong'aluka.

Mayi uja atabweranso anandiveka mahedifoni. Sizinali nyimbo zovina. Kunali kulira kwakutali, kokoka, ngati mphepo m'mabulugamu. Ndinaiwala kuti maondo amandiwawa. Kunyumba ndinayesa kufotokoza, mawu anandisowa.

"Ndiye ine ndidzamva liti?" anafunsa akazi anga.

"Tsiku la chionetsero. Mudzakhala oyamba."

Chionetserocho anachitira pa kapinga wa kalabu ya mabwana. Tinavala zakutchalitchi n'kupita. Pageti panali mlonda, munthu woimba naye kwaya imodzi.

"Pepani achimwene, andiuza kuti olowa ndi a makadi okha."

"Koma kachipindako ndapanga ndine."

"Ndikudziwa. Ntchito ndi imeneyi."

Tinaima kuseri kwa mpanda wa maluwa. Alendo anali pamzere, ena akujambula denga lija ndi mafoni. Wolengeza anayamikira mayi uja chifukwa cha luso lake lokonza kachipinda kotere, anthu n'kuwomba m'manja. Mayiyo anandiona. Anakweza dzanja pang'ono, kenako anatembenuka.

Madzulo anakakweza pa lole osapinda, poti panalibe wodziwa kapindidwe kake. Ndinamva hinjesi ikuthyoka ndili pamsewu. Kusukulu za ku Masambanjati ndi ku Chimaliro sikanafikeko.

Pobwerera akazi anga anavula nsapato n'kuzinyamula m'manja. Tinadutsa minda yonse ya tiyi. Pafupi ndi nyumba anati, "Akadzabweranso ofuna katani, muwauze kuti maso anga anafooka."