Mlandu wa Tulo ku Khonsolo

A loya oimira anthu ochotsedwa ntchito, omwenso ndi khansala, amayenda ngati akuthawa mvula, tayi paphewa. Akaseka, mawindo amanjenjemera. Koma mlandu wokha saupupulumira.

Tsiku lina khonsolo inachotsa ntchito mayi wosesa mumsika, ati anapezeka akuwodzera. Pamsonkhano wa masana, dzuwa likuswa mtengo, a loya anatulutsa buku la malamulo a ntchito n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono, ndime ndi ndime. Pofika tsamba lachitatu, apampando anali akuliza mkonono.

"Dzukani, bwana! Mwati wogona pantchito achoke. Tiyambe ndi ndani?"

"Aaa, inetu ndinali kupemphera!"

"Mayiwanso anali kupemphera, bwana."

Makhansala onse anafa nalo phwete. M'mawa mwake mayi uja analowa mumsika akuvina, tsache lili m'mwamba.