Tsiku Lochotsa Ulusi

Mlongo wanga ndamusoka kanayi ndi manja angawa: pachipumi, pamkono, pachibwano, kenaka pachipumi pomwepo kachiwiri. Ndine namwino, ndipo zaka zanga zambiri zathera m'chipinda cha angozi pachipatala china chaching'ono kuno kumunsi kwa Dedza. Iye ndi wamng'ono kwa ine, mlimi wa mpunga ku Bwanje, munthu wolimbika kumunda. Koma akangokolola, kachasu amamuitana ndi dzina. Ulendo wachinayi uja ndinaona maso ake ayamba chikasu, ndipo namwino aliyense amadziwa kuti chiwindi chikafika pamenepo, munthu akapanda kusiya mowa, maliro sakhala patali.

Chowawa nchakuti ine yemweyu ndinali ndi njira yothandizira zidakwa za eniake.

Njirayo ndinaitola mwangozi. Tsiku lina la msika ku Mtakataka anabwera naye pakabaza msodzi wina, botolo litamung'amba patsaya. Ndikumusoka anatukwana ine, anatukwana amayi anga amene sanawaonepo, kenaka nkusanzira nsapato zanga. Ndinamulalatira za kuipa kwa mowa mpaka mawu kusasa, koma ndinkalankhula ndi kachasu, mwiniwake kunalibe. Patatha sabata anabwera kudzachotsa ulusi atavala malaya ositidwa, pambuyo pake pali amalume ake, chipewa chili m'manja. Nkhani ya kutukwana ija inali itafika kumudzi, ndiye wamkulu anabwera naye kudzapepesa, monga timachitira. Munthuyo anakhala pabenchi atazyolika. Ndikudula ulusi ndinangomufunsa kuti, "Kodi bala ili ndi lachingati chifukwa cha mowa?" Anayamba kuloza zipsera zake chimodzichimodzi, amalume ake akuona, mpaka analira.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kulalikira oledzera. Ndinkasoka mwakachetechete, nkulemba m'kabuku ka kuchipatala kuti podzachotsa ulusi abwere ndi wamkulu wa kwawo. Tsiku limenelo mutu umakhala uli bwino, manyazi akadali a dzulodzulo, ndipo munthu sangathawe lumo lili patsaya. Ndikamaliza ndi wodwala ndinkatembenukira kwa wamkulu uja nkumufunsa chimene iye achitepo. Ndinkawachenjezanso kuti wakumwa tsiku ndi tsiku asasiye yekha kunyumba mwadzidzidzi, chifukwa akhoza kunjenjemera mpaka kukomoka. Abwere timupatse mankhwala. Ena anasiyadi, ena anachepetsa, ena ndinawasokanso Khirisimasi yomweyo.

Kenaka kunabwera mnzanga wa kusukulu ya unamwino. Tinkagona chipinda chimodzi, ndipo ndinene poyera pano kuti mayeso onse ndinkamuposa. Tsiku loyamba kuona bala lalikulu anakomoka, ndipo amene anamupepeza ndi kope ndine. Koma ine nditakwatiwa nkutumizidwa kumudzi, iye anapitiriza sukulu mpaka kunja, nkubwerako anthu akumutchula adokotala, osati a singano koma a mabuku. Anati akufufuza mmene zipatala zimathandizira anthu a mowa ndi chamba akabwera atavulala. Anagona kwanga miyezi iwiri, akudya mpunga wa mlongo wanga yemweyo, masana nkumakhala pakampando pakona ya chipinda cha angozi, kope lili pamwendo.

Lachiwiri lina anandiona ndikuchotsa ulusi mnyamata wa kabaza amene anabwera ndi agogo ake aamuna. Titatuluka anandigwira mkono. "Iwe, zimenezi anakuphunzitsa ndani?"

"Palibe. Anandiphunzitsa msodzi amene anasanzira nsapato zanga."

Anaseka, koma analemba. Ine ndinamuuza zonse, pakamwa yasa, chifukwa kunali koyamba munthu kundifunsa mmene ndimagwirira ntchito. Sindimunamizira, pochoka anandipempha kuti tilembere limodzi. Ndinamuyankha mwamwano kuti ine ndilibe nthawi ya mapepala, ndili ndi anthu oti ndisoke. Mawu amenewo ndinkawaona ngati anzeru tsiku limenelo.

Panapita zaka zingapo. M'mawa wina ndikusita yunifomu ndinamva mawu ake pawailesi. Ankafotokoza za tsiku lochotsa ulusi, za wamkulu wa kumudzi, mtolankhani akungoti zodabwitsa adokotala, zodabwitsa. Simbi inakhala pamalo amodzi mpaka kolala inapsa. Pambuyo pake ananditumizira zimene analemba, ndipo ndinayamba kuwerenga kumapeto, kufuna dzina langa. Ndinapeza kuti wathokoza anamwino a m'mbali mwa nyanja. Anamwino a m'mbali mwa nyanja! Kuchokera ku Karonga mpaka ku Mangochi tilipo angati? Anandiimbira foni kangapo, ine nkumangoiyang'ana ikulira.

Nsanje ndi matenda oipa chifukwa wodwala amadziwa yekha kuti akudwala. Ndinkadziwa kuti anayenda zipatala zambiri, anayesa njirayo kumene ine sindinafikeko, anawonjezera zina zimene sindinaziganize. Ndinkadziwanso kuti ndinakana ndekha. Koma ndikaona chithunzi chake pafoni, atavala jekete pamsonkhano kunja kwa dziko, chakudya sichinkatsika.

Chimene chinandimaliza ndi maphunziro a ku boma. Anatiitana anamwino a zipatala zosiyanasiyana kuti tikaphunzire njira yatsopano ya mnzanga uja. Wophunzitsa anali mnyamata amene mwina tsiku la msodzi lija anali asanamere ndevu. Anatigawa awiriawiri kuti tiyeseze, ndipo atafika pa ine anamvetsera pang'ono nkupukusa mutu. "Amayi, mukulumpha mafunso. Tsatirani pepala, mudzazolowera." Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Chipepala chachikulu chimene anatipatsa kuti tikakhome pakhoma ndinakachipinda nkuchiponya kuseri kwa kabati ya mankhwala.

Nthawi yonseyi mlongo wanga ankamwabe. Mungafunse chifukwa chimene sindinamuthandizire ndi njira yangayo, ndipo yankho lake nlochititsa manyazi. Iye sankabwera kudzachotsa ulusi kuchipatala. Ndinkamuchotsera pakhonde panga, ndi kalumo ka m'chikwama, uku ndikumukalipira kuti akundichititsa manyazi kuntchito, kuti ana anga alibe malume. Wamkulu woti abwere naye panalibe, pakuti amalume athu ndi makolo onse anatisiya kale. Ulendo wachinayi uja ndinamuuza kuti akadzavulalanso akafere komweko. Anadzuka ulusi umodzi usanachoke, nkunena kuti pachipatala panga sadzapondanso.

Patapita miyezi ndinamuona akubwera m'mawa wa Lolemba, akukankha njinga, dzanja lamanzere lili m'bandeji. Anali asanamwe. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, osati pakhonde, nkundipatsa kabuku kake ka kuchipatala. Chikwanje chinali chitamudula pa ndewu ya pamowa, ndipo anakasokedwa pachipatala china cha mbali ya ku Golomoti pothawa ine. Nditatsegula ndinapeza dzanja la munthu wina litalemba mawu anga enieni, oti podzachotsa ulusi abwere ndi wamkulu wa kwawo.

"Achemwali, anamwino a kumeneko ndi anthu," anatero. "Sanandikalipire ngakhale pang'ono. Akuti njira imeneyi anaitulukira adokotala aja anagona kwanu kuno aja. Nanga munthu kukhala m'nyumba mwanu miyezi iwiri, osakuphunzitsaniko?"

Ndinafuna kumuuza za msodzi, za nsapato, za kampando ka pakona, zonse. Koma ndinaona zala za dzanja labwino lija zikunjenjemera pabondo.

"Ndiye wabweretsa kabukuka kuti nditani?"

"Wamkulu wa kwathu ndani tsopano? Mwatsala ndinu. Akuti mawa."

Mawa lake ndinapempha tchuthi, nkuvala chitenje, yunifomu nkuisiya pachingwe. Tinakwera minibasi. Pachipatalapo ndinakhala pabenchi ya kunja pamodzi ndi odikirira odwala, dzuwa likuotcha mapazi, mpaka anatiitana. Namwinoyo anali mtsikana wamng'ono, wa mawu otsika. Pakhoma kumbuyo kwake panali chipepala chija, chokhomedwa bwinobwino ndi misomali inayi, dzina la mnzanga lili m'munsi. Ndinayang'ana kumbali.

Anayamba kudula ulusi, ndipo dzanja lake silinali loipa, ngakhale ine ndikanafulumirako. Ali pa ulusi wachitatu anafunsa osadzutsa mutu. "Achimwene, bala ili ndi lachingati chifukwa cha mowa?"

Mlongo wanga anakhudza pachipumi, pamkono, pachibwano, pachipumi kachiwiri. Mtsikanayo anayang'anitsitsa zipserazo nkunena kuti amene anasoka amadziwa ntchito. "Ndi achemwali angawa," anatero mlongo wanga, mawu akutha. "Atopa nane." Ndinali ndisanamuonepo akulira chimwalirireni amayi.

Kenaka mtsikanayo anatembenukira kwa ine. "Nanga inu amayi, monga wamkulu wake, muchitapo chiyani?"

Funso limeneli ndinali nditafunsa amalume a anthu osawerengeka, ndikuwayang'ana m'maso, ena akutuluka thukuta. Sindinkadziwa kuti limalemera chonchi ukakhala mbali ino ya benchi. Ndinayankha kuti ndimutenga akakhale kwanga mpaka kunjenjemera kuthe, ndipo sabata iliyonse ndizibwera naye kuno. Mtsikanayo anafunsa ngati pali china. Ndinati ndisiya kumukalipira, ndipo mlongo wanga anandiyang'ana ngati sakundidziwa.

Anakhala kwanga sabata zitatu, masiku oyamba akumwa mankhwala, thukuta lili kamukamu. Chichokereni wabwererapo ku mowa kawiri, ndipo kawiri konse wabwera yekha kudzandiuza. Maso aja ayerako. Chaka chino anabweretsa yekha thumba la mpunga panjinga, nkukhala pakhonde kuseka ndi ana anga.

Nsanje sinathe, ndisakunamizeni. Ndikamva mawu a mnzanga uja pawailesi ndimachepetsabe voliyumu, ndipo foni sindinamuimbirebe. Mlongo wanga mpaka lero amakhulupirira kuti anamupulumutsa ndi adokotala aja anagona kwathu. Kangapo ndatsegula pakamwa kuti ndimukonze, nkulephera. Ine njirayo ndinali nayo zaka zonse zija, ndipo ndinamusoka kanayi osamufunsa funso limenelo.