Tsiku limene ndodo inayambira pansi pa bolodi

Aphunzitsi oyandikana nawo nyumba ndi bambo achikulire, ofatsa, a imvi mutu wonse. Masiku ano akaweruka amakhala pakhonde ndi sizasi, n'kumadula makatoni tizidutswa, kalikonse n'kulembapo chilembo chimodzi. Kusukulu amaitana ana mmodzimmodzi kuti alumikize tizidutswato n'kuwerenga mawu. Kale sankatero ayi. Kwa zaka makumi atatu ankaloza mawu pabolodi ndi ndodo, ana onse n'kumakuwa pamodzi, iwo n'kumanyadira kuti, "Kalasi yaphokoso ndiye yamoyo."

Lamulungu lina ndikuchokera kutchalitchi ndinawaseka pang'ono. "Aphunzitsi, kodi mwatsegula fakitale ya makatoni?"

Iwo sanaseke. "Mayi, miyezi iwiri yapitayo ndinasokoneza. Ndodo ndinayambira pansi pa bolodi kukwera m'mwamba. Anawo anakuwa bwinobwino kuyambira mawu apamwamba monga mwa masiku onse. Panalibe ndi mmodzi yemwe woyang'ana ndodoyo. Ankangoimba zoloweza pamtima, ine n'kumati akuwerenga."

Ndinawalimbitsa mtima kuti Mulungu wawatsegula maso, ndipo njira yatsopanoyi ithandiza.

"Kuthandiza ikuthandiza," anatero. "Pa ana makumi asanu ndi anayi, khumi ayamba kuwerenga. Koma chaka chino chikatha ndikupuma pantchito. Nanga aja ndinkawaombera m'manja zaka zonsezi ndikawapeza kuti? Ena ndi makolo a ana omwewa. Akabwera kudzalembetsa mwana amandipatsa moni mwaulemu, kenako n'kupempha inki kuti adinde chala."