Mazira a Apongozi ndi Kompyuta Yodzikonza Yokha

Dinani si dzina lobadwa nalo. Analipata ku ofesi ina komwe ankakonza makompyuta, chifukwa pa vuto lililonse yankho lake linali limodzi: "Ingodinani apa." Akuti ngakhale mkazi wake anamufunsira ndi mawu omwewo. Ofesiyo itatsekedwa, apongozi ake aamuna anamutenga kuti aziyang'anira makina ofungatira mazira kuseri kwa nyumba yawo, ndipo chiyambire pamenepo Dinani amapuma ndi phapo limodzi.

Apongoziwo ndi munthu woti akatsokomola kuchipinda, tambala amasiyira nyimbo pakati. Sakalipa, amangoyang'ana. Anayang'anapo galu wa eni ake, galuyo n'kusamuka mudzi.

Chipinda cha mazira n'chopanda zenera, chofunda ngati m'khwapa, mathireyi osanjikizana mpaka kudenga. Pakona pali kompyuta yokalamba imene imalamulira zonse: kutentha, fani, ndi kamota kotembenuza mazira kuti mwanapiye asamatirire mbali imodzi. Kompyutayo inkavutitsa ndi uthenga wakuti ikufuna apudeti, kutanthauza kulandira mapulogalamu atsopano. Dinani anachita zomwe ankachita ku ofesi: anaitchera kuti izidzikonza yokha pa nthawi yomwe palibe amene akugwira ntchito. Anasankha Lamlungu m'mawa. Ku ofesi kuja, imeneyi inali nzeru. Koma dzira silidziwa Lamlungu.

Masana a tsikulo, atatha kudya, mkazi wake anamutuma kukatenga beseni kuchipindako. Atatsegula chitseko anamva chinthu chimene anali asanachimvepo m'menemo: zii. Fani duu. Kamota duu. Mpweya unali wozizira ngati wa panja. Anagwira dzira limodzi, n'kupeza lazizira.

Pa sikirini panali kabokosi kofunsa mawu achinsinsi. Apa m'pamene anazindikira chomwe chachitika. Kompyuta itatha kudzikonza inazima n'kuyakanso, koma pulogalamu ya mazira inatcheredwa kuti iziyamba pokhapokha munthu atalowa ndi mawu achinsinsi. Ndiye chiyambire m'mawa inangoima pakhomo ngati mlendo wamanyazi, kudikira womuyankha odi. Ndipo mawuwo ankawadziwa ndi apongozi okha.

Anayesa dzina la mkazi wake. Yakana. Anayesa "nkhuku". Yakana. Anayesa dzina la apongozi aakazi. Kompyuta inachenjeza kuti akalakwitsanso idzitsekeratu.

"Bambo a mwana, beseni lija mukuliumba?" Anali mkazi wake, ataima pakhomo.

"Tseka chitseko! Mazira akuzizira."

"Mayo ine! Mwadina chiyani?"

"Sindinadine kanthu. Yadzidina yokha."

"Anaiuza kuti izidzidina ndani? Kadzutseni bambo."

"Pita ndiwe, si bambo ako?"

"Ineyo ndinabadwira pano, sangandithamangitse. Fulumirani."

Nkhalambayo inali ikuwodzera pampando pakhonde. Mtunda wochoka kuchipinda cha mazira kufika pakhondepo mwana wokwawa amautha osapumira, koma Dinani anauyenda ngati akupita kukapachikidwa. Ankaona kale katundu wake ali pamsewu, matiresi pamutu, anthu akuloza: uyo anapha anapiye a apongozi ake asanabadwe. Ananjuta chapatali.

"Bambo... pepani bambo... kompyuta ikufuna mawu achinsinsi."

Diso limodzi linatseguka. "Ikuwafuniranji lero?"

"Yazima pang'ono, bambo."

Apongozi anadzuka, kulowa m'chipindamo, kutenga dzira n'kuligunditsa pachikope kuti amve ngati likadali lofunda. Anakhala choncho nthawi yaitali moti Dinani anamva ndevu zake zikumera. Kenaka anapapasa m'thumba la malaya. Magalasi anali atawasiya kuchipinda, ndipo nthawi yokawatenga panalibe.

"Lembani ndinu," anatero, akuyang'ana kudenga. "Mkamwini."

"Wawa bambo?"

"Sindikukuitanani. Lembani: mkamwini."

"Ndalemba, bambo."

Nkhalamba inakonza pakhosi. "Waulesi. Mulumikize, osasiya mpata."

Mkazi wake anadzitseka pakamwa ndi nsalu. Dinani analemba, chilembo ndi chilembo, n'kudina. Fani inayamba kulira. Kamota kanatembenuza mathireyi. Koma palibe anaseka, chifukwa dzira silinena ngati lafa.

Masiku odikira kuunika mazirawo Dinani anaonda mpaka lamba ankamuzungulira kawiri. Firiji ya m'nyumba ikangosiya kulira, ankadumpha n'kuthamangira kuseri wopanda nsapato.

Tsiku lounika litafika, anatseka chitseko, apongozi n'kuyamba kuika dzira lililonse patochi. Loyamba, kachinthu kakuda kali phee. Lachiwiri, phee. Thireyi yonse ya pafupi ndi chitseko, phee. Atafika pa mathireyi a m'kati, nkhalamba inasendeza dzira pafupi ndi nkhope yake. M'kuwala kofiirako, kamthunzi kanaponya mwendo.

"Awa ali moyo," anatero. "Osukusa a pakhomowa mukakwirire nokha. Ndipo kompyutayi isadzadzikonzenso muno muli dzira ngakhale limodzi. Izidikira anapiye atuluke, inu muli pompo."

"Wawa bambo." Dinani ananyamula thireyi ija, n'kuima pakhomo. "Nanga mawu achinsinsi aja, bambo... mwina tingawasinthe?"

Apongozi anatenga dzira lina n'kuliika patochi.

"Yambani mwasintha inuyo."