Kachitsulo Kamene Alamu Ankati N'kothyoka

Chaka chimene ndinabereka mwana wanga woyamba, makoswe anavuta kwambiri m'mudzi wa kwawo kwa amuna anga, cha ku Lobi. Anadya nsalu ya chipani ya mayi wina, n'kuboola pankhope penipeni pa mtsogoleri. Mayiyo anakhala padzuwa tsiku lathunthu, anyamata a chipani akumufunsa ngati sanachite kudula yekha ndi lumo. Nsalu yanga ya chipani inkakhala pachingwe m'nyumba. Ndinachita mantha, ndipo ndinatumiza mawu kwathu kuti ndikufuna bokosi. Bambo anga, amene anali kalipentala, ananditumizira matabwa asanu ndi awiri a paini, odula ndi opala kale, pamodzi ndi mahinjesi ndi masikuluwu. Bokosi linkafuna matabwa asanu ndi limodzi. Linalo linali lapadera.

Amuna anga anali ku esiteti ya fodya. Choncho ntchitoyi inagwera akulu awo, alamu anga, amene anabwera kuchokera ku Joni ndi chipewa, wailesi yosalira ndi thumba la zida. Kumeneko ankakankha ngolo pansi pa mgodi, koma pamudzi ankadzitcha mmisiri. Pensulo sinkachoka kukhutu kwawo, ngakhale pamaliro.

M'mawa anakhala pansi pa mtengo wa mapichesi, nayala zida zonse pathumba kuti odutsa azione. Ine ndinali pakhonde ndi mwana, apongozi anga akusola chimanga pambali. Alamu anatenga sikuluwu, naiimika kumapeto kwa thabwa, n'kuimenya ndi hamala ngati msomali. Thabwa linangoti ng'aa, mpaka pakati.

"Paini wa kuno ndi wachabechabe," anatero. "Ku Joni thabwa umalimenya mpaka dzanja kutopa."

Sukulu ndinalekera sitandade 3, koma ndinakula ndikugwirira bambo matabwa ndi kuwapatsira zida. Pathumba paja zonse zofunika zinalipo. Panali choboolera chopukusa ndi dzanja, ndi tizitsulo take tating'ono topotana ngati chingwe. Timeneto ndi totsegulira njira. Umasankha kowonda kuposa sikuluwu: ukakaika patsogolo pake, mazinga a sikuluwu azioneka uku ndi uku. Panalinso kena kakafupi, konenepa, kamutu wosongoka ngati nguli. Kameneko sikaboola. Kamangokumba kambale pakamwa pa bowo kuti mutu wa sikuluwu ulowe, ufanane ndi thabwa. Popanda iko, mitu ya masikuluwu a m'kati mwa chivundikiro ikanatsala kunja, n'kumakola nsalu imene ndinkafuna kuiteteza.

Alamu anataya thabwa long'ambika natenga lina. Lapadera linali litapita. Ine ndinali munthu wosayankhula pagulu, moti anthu ena ankayesa kuti ndine wachibwibwi. Koma mawu anatuluka okha.

"Alamu, bwanji mutayamba mwaboola ndi kakang'onoko? Kenaka kamutuko."

"Ati chiyani?" Anatembenukira kwa apongozi. "Amayi, mwamva? Takwatira injiniya pamudzi pano!" Ananyamula kachitsulo kamutu kaja. "Aka, mlamu, n'kothyoka. Mzungu anachita kukataya. Ine ndimakolokosera kaliwo."

Anakalowetsadi m'kaliwo mwawo kuti ndione. Munthu wamkulu, wandevu, woyenda mayiko, kukolokosa fodya ndi chida chonga chimene bambo anga ankachikulunga m'kansalu ka mafuta!

Atagwiranso hamala ndinanyamuka. Ndinakakhala pamwamba pa matabwa otsalawo, n'kumasula mwana kumbuyo, ndikuyamba kumuyamwitsa.

"Mlamu, tachokani apo."

Ndinangoyang'ana mwana.

"Amayi, tamuuzani mpongozi wanuyu!"

"Mwana akuyamwa," anatero apongozi, osadzutsa mutu. "Ukufuna umukoke iweyo?"

Alamu sakanatha kukhudza mkazi wa mng'ono wawo ali bere pamtunda. Anazungulira kawiri, nanena kuti iwo sagwira ntchito ndi anthu osaphunzira, n'kuvala chipewa kupita kumowa. Zida anazisiya pomwepo, poti kuzitola kukanawachotsera ulemu.

Apongozi ndiwo anandigwirira matabwa. Ndinayamba ndatsuka kachitsulo kaja ndi phulusa, chifukwa kankanunkha fodya. Bowo loyamba linapendama. Lachiwiri linalowa bwino, utuchi ukutuluka woyera. Ndikapukusa kamutu kaja katatu kapena kanayi, kambale kankakwana, ndipo sikuluwu inkalowa mosakakamiza mpaka mutu kubisala. Apongozi ankapititsa chala pamwamba pake, n'kumati, "Ii, yapita kuti?" Mwana analira kawiri, ndinamuyamwitsa, n'kubwerera pantchito. Dzuwa likupendeka, chivundikiro chinatseka popanda mpata wolowa ngakhale mphemvu. Ndinapinda nsalu ija, nkhope m'kati, ndikuiika pansi penipeni.

Alamu anabwera madzulo ndi anzawo awiri. Analigogoda bokosilo, nalitsegula, nalitseka.

"Mwaona?" anauza anzawowo. "Ukamulangiza bwino munthu wamkazi, amamva."

Apongozi analavula malovu pambali, nalowa m'nyumba. Ine ndinatola zida zonse ndikuzipereka ndi manja awiri, nditagwada, monga mwa mwambo. Alamu anaziwerenga chimodzichimodzi pamaso pa alendo, kuopa kuti ndaba. Atafika pa kamutu kaja anakayang'anitsitsa nthawi yaitali, akukatembenuza, osadziwabe mbali imene imagwira ntchito.